Chimene chimapha giyabokosi ya vaneti ya dizilo injini ikadali yamoyo

Amalume anga amagula chimanga ku Petauke n'kumadzagulitsa kuno ku Lusaka, ndipo kwa zaka zingapo vaneti yawo ya dizilo inkayenda ulendo umenewo popanda kuwavutitsa. Tsiku lina anandiimbira foni kuti galimoto yayamba kuliza mluzu ikakhala pa giya yachisanu, komanso kuti nthawi zina ndodo ya magiya imadumpha yokha n'kubwerera pakati iwo akangochotsa phazi pamoto. Tinaipereka kwa makanika wina wachikulire wa ku Garden, amene amagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yake. Asanamasule china chilichonse, mdalayo anagona pansi pa galimoto, anatsegula bawuti yokhetsera oyilo wa giyabokosi n'kutiitana kuti tidzaone. Kunsonga kwa bawutiyo kumakhala maginito, ndipo maginitowo anali atamera ndevu za tizitsulo, tina tosalala ngati ufa, tina tokhakhala ngati mchenga wa kumtsinje. Oyilo amene anatsikira m'beseni anali wakuda, wonunkha chopserera.

"Bwana, mumakweza matumba angati?" anafunsa. Amalume anayankha kuti 30, ndipo mitengo ikakhala yabwino amafika 35. "Nanga pa Manenekela mumakwera ndi giya yanji?" Iwo anati: "Zitunda zing'onozing'ono ndimakwera ndi yachisanu yomweyo, amdala, chifukwa injini imakoka osatopa." Mdala uja anapukuta bawutiyo ndi chala n'kuwaonetsa. "Injini imakokadi, bwana, koma mano amene amasenza kukokako ndi awa mukuwaona pachala changawa."

Mawu amenewo ndi amene anandichititsa kuti ndiyambe kuiona mosiyana nkhani imene madalaivala amakangana tsiku ndi tsiku m'malo oimikapo mavaneti a hayala ku Soweto Market ndi ku Kamwala. Ena amalumbira kuti palibe injini yoposa yakale ija yopanda kompyuta, pomwe ena amati amene analawa injini yatsopano yoyendetsedwa ndi kompyuta, yotchedwa common rail, sangabwererenso m'mbuyo. Mkanganowu umakoma, koma kawirikawiri umasiya giyabokosi kunja, ngati kuti ndi chinthu chapadera chimene chimangofa mwatsoka. Munthu akasankha injini, wasankhanso mtolo umene kilachi ndi giyabokosi zidzasenze kwa moyo wonse wa galimotoyo, ndipo mavuto ambiri a magiya amene timawaona mumzinda uno amamveka bwino pokhapokha munthu atayamba wamvetsa mmene injini ya dizilo imaperekera mphamvu zake.

Injini ya dizilo ilibe mapulagi oyatsira moto ngati ya petulo. Pisitoni imapanikiza mpweya wokhawokha mpaka utatentha kwambiri, kenaka dizilo amapoperedwa mumpweya wotenthawo n'kuyaka yekha. Umu ndi mmene Rudolf Diesel anaiganizira, ndipo injini yake yoyamba kugwira ntchito bwinobwino inayenda ku Augsburg mu 1897. Kuti mpweya utenthe chotero, umafunika kufinyidwa kuwirikiza ka 15 mpaka ka 23, pomwe injini zambiri za petulo zimaufinya pafupifupi ka 10. Chotsatira chake n'chakuti kuphulika kulikonse kumakankha pisitoni mwamphamvu kwambiri, ndipo injiniyo imakhala ndi mphamvu yaikulu yopotokola ngakhale ikuzungulira pang'onopang'ono. Mphamvu yopotokolayi, imene mabuku amailemba ndi zilembo Nm, ndi yofanana ndi imene munthu amaika pa sipanala akamamasula nati ya tayala, ndipo ndiyo imene mano a magiya amaimva. Nambala ina ija ya kW imanena za kuchuluka kwa ntchito imene injini ingagwire pa nthawi, ndipo ogulitsa amaikonda, koma imene imathyola zitsulo ndi ya Nm.

Injini zimene anthu amazitcha zakale, monga 5L ya Toyota ya malita 3.0, 1HZ ya malita 4.2 ya mu Land Cruiser, ndi TD27 ya Nissan, zimapopera dizilo m'kachipinda kakang'ono ka m'mutu mwa injini, moto n'kuyambira mmenemo usanafalikire pamwamba pa pisitoni. 4JA1 ya Isuzu, imene inadziwika ndi KB 250, imapopera mwachindunji pamwamba pa pisitoni, komabe nayo ili m'gulu lomweli chifukwa imadalira pampu imene makanika wodziwa ntchito akhoza kuimasula, kuikonza ndi kuitchera pa benchi. Injini zimenezi n'zolemera, n'zaphokoso, ndipo mphamvu zake n'zochepa: 5L-E, mtundu wina wa 5L, imapereka pafupifupi 70 kW ndi 197 Nm, pomwe 1HZ, ndi masilinda ake asanu ndi imodzi ondandana mzere umodzi, imapereka pafupifupi 96 kW ndi 285 Nm. Kuno ku Lusaka manambalawo amatsikanso, chifukwa mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, kumene mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda tabo imataya mphamvu zopitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene anatsatirapo Land Cruiser yodzaza katundu pa Munali Hills, ikufuka utsi wakuda uku ikukwawa, anaona zimenezi ndi maso.

Common rail inasintha zonsezi. Kampani ya Denso inaiyamba pa malole a ku Japan mu 1995, ndipo mu 1997 inafika pa magalimoto ang'onoang'ono ku Ulaya kudzera mu Alfa Romeo 156. Pampu imodzi imasunga dizilo m'paipi yolimba pa mphamvu yopanikiza yopitirira mabar 1,000 (bar ndi muyeso wa kupanikiza), ndipo pa injini zatsopano imafika 2,000 kapena kuposerapo. Kompyuta ndiyo imatsegula injekita iliyonse, ndipo imatha kupopera kangapo pa kuphulika kumodzi: kadontho koyamba kofewetsa phokoso, kenaka dizilo weniweni, mwinanso kena pambuyo. Tabo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda, motero kupepuka kwa mpweya wa Lusaka sikumvekanso kwenikweni. Taonani mmene manambala anakwerera pa Hilux yokha. Injini ya 1KD-FTV ya malita 3.0, imene aliyense amaitcha D-4D, inkapereka 343 Nm. Ya 1GD-FTV ya malita 2.8, imene inabwera mu 2015, inafika 450 Nm pa otomatiki, ndipo itakonzedwanso mu 2020 inafika 150 kW ndi 500 Nm, mphamvu yonseyo ikupezeka kuyambira marevu 1,600 okha. Ford Ranger ya malita 3.2 ya masilinda asanu inali ndi 470 Nm. Injini yaing'ono kuposa 5L tsopano imapotokola kuwirikiza kawiri ndi theka.

Pali chinthu china m'manambalawa chimene ogula ambiri sachiona, ndipo kwa ine ndicho chimaulula nkhani yonse. Hilux ya 2.8 yomwe ija ikakhala ya manyuwo, Toyota inaiika pa 420 Nm, ngakhale injini ndi yomweyo imene pa otomatiki imapereka 500 Nm. Ndiye kuti opangawo amachita kuibweza injiniyo kuti igwirizane ndi zimene zili kumbuyo kwake. Choncho mnyamata amene amapita kukasintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti awonjezere mphamvu ayenera kudziwa kuti akuchotsa malire amene anaikidwa dala, ndipo kilachi ndi imene imayamba kulipira. Injini zakale zija zinkasunga magiyabokosi ake mwa zina chifukwa chakuti zinalibe mphamvu zowapwetekera. Dalaivala wa 5L akafika pachitunda sachitira mwina, amatsitsa giya chifukwa galimoto ikufuna kuima. Dalaivala wa common rail alibe chomukakamiza, injini imangokoka pa giya yapamwamba, ndipo palibe chomuchenjeza kuti pansi pa mpando wake zinthu zikudyana.

Kuti timvetse chimene chinachitikira amalume, tiyenera kulowa m'kati mwa giyabokosi ya manyuwo. Mphamvu imalowa kutsogolo kudzera pa shafuti yochokera ku kilachi, imatsikira pa shafuti yachiwiri yapansi imene ili ndi magiya aakulu ndi aang'ono, n'kukweranso pa shafuti yotulukira kumbuyo. Giya yoyamba imachulukitsa mphamvu yopotokola pafupifupi kanayi, n'chifukwa chake galimoto yolemedwa imatha kunyamuka. M'magiyabokosi ambiri a magiya asanu, giya yachinayi imangolumikiza shafuti yolowera ndi yotulukira kukhala ngati ndodo imodzi, moti mphamvu imadutsa molunjika popanda kutsamira mano a giya iliyonse. Imeneyo ndiyo giya yolimba koposa. Yachisanu ndi ina: imazungulitsa shafuti yotulukira mofulumira kuposa injini kuti dizilo asathe msanga pamsewu woongoka, ndipo kawirikawiri ndi kagiya kakang'ono kokhala kumapeto kwenikweni kwa bokosilo. Anaipangira galimoto yopepuka imene ikuthamanga pachidikha, monga pakati pa Lusaka ndi Kabwe.

Tsopano ganizirani matumba 35 a makilogalamu 50. Amenewo ndi makilogalamu 1,750, pomwe vaneti zambiri za mtundu umenewu zinapangidwa kuti zinyamule pafupifupi tani imodzi, kutanthauza matumba 20, ndipo dalaivala ndi wothandizira wake ali m'gulu la kulemera komweko. Galimoto yotere ikamakwera pa giya yachisanu, marevu amatsika, dalaivala amapondereza moto, ndipo injini ya masilinda anayi, imene imaphulika kawiri pa kuzungulira kulikonse, imayamba kumenya ngati munsi mumtondo m'malo mozungulira mosalala. Kumenya kulikonse kumafika pa mano a kagiya kaja ndi pa maberingi ake. Poyamba chikopa cholimba cha pamwamba pa mano chimayamba kusupuka, ndipo ndiwo mluzu uja. Maberingi akayamba kugwedera, shafuti imasuntha pang'ono ndipo giya imadumpha. Njira yopewera ndi yosavuta: galimoto ikalemedwa kapena ikamakoka ngolo, giya yachinayi ndiyo yoyendera, ndipo pachitunda ndi bwino kutsitsa msanga kuti singano ikhale cha pa marevu 2,000 kapena kupitirira, kusiyana n'kuilola igwe mpaka chiwongolero chitayamba kunjenjemera. Dizilo wowonjezera amene mungawotche paulendo wa ku Chipata ndi wochepa poyerekeza ndi mtengo wotsitsa giyabokosi.

Kilachi ili ndi mavuto ake, ndipo ambiri mwa iwo amabadwira mumpanipani wa magalimoto wa m'mawa pa Great East Road kapena pa Lumumba Road, pamene munthu amatha theka la ola phazi lili pa kilachi, akuimitsa galimoto pakachitunda ndi kilachi yomweyo m'malo mwa handibuleki. Mbale ya kilachi imatentha, imasalala ngati galasi, ndipo tsiku lina mumaona marevu akukwera galimoto osawonjezera liwiro. Chizolowezi chonyamuka ndi giya yachiwiri, chimene madalaivala a dizilo amachikonda chifukwa injini siizima, chimafupikitsanso moyo wake. Pa vaneti zina za common rail pali chinthu china chokwera mtengo chotchedwa dual mass flywheel, chomwe ndi flywheel (chitsulo cholemera chozungulira cha pakati pa injini ndi kilachi) ya zigawo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i, yopangidwa kuti imeze kumenya kwa injini kuja kusanafike ku magiya. Ikatha imagogoda poliza ndi pozimitsa injini. Amakanika ambiri amalangiza kuichotsa n'kuikapo yachitsulo chimodzi, ndipo kunena zoona ndi yotsika mtengo komanso siifa msanga, koma kumenya kumene inkameza sikuchoka, kumangosamukira ku giyabokosi. Amene wasankha njira imeneyo ayenera kusamala kwambiri za kuyenda pa marevu otsika.

Za oyilo ndinenepo mosabisa, chifukwa apa m'pamene timadzipweteka tokha. Oyilo wa injini timamusintha mokhulupirika, koma wa giyabokosi, wa difu (bokosi la magiya la pakati pa matayala) ndi wa transfer case (bokosi logawira mphamvu matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa 4x4) amatha zaka osakhudzidwa mpaka phokoso litamveka. Komanso si oyilo aliyense wolemera amene ayenera kulowa mu giyabokosi. M'kati muja muli timphete ta mkuwa totchedwa synchro, timene timagwira giya n'kuilinganiza liwiro kuti ilowe popanda kukukuta. Oyilo wa magiya wa gulu la GL-5 anapangidwira makamaka difu, ndipo ali ndi mankhwala ambiri amene pa magiyabokosi ena amachititsa timpheteto kuterera kapena kudyeka. Magiyabokosi ena amafuna GL-4, ena amalola onse awiri, ena atsopano amafuna oyilo wopyapyala wakewake, ndipo wonena zoona ndi buku la galimotoyo. Giya yachiwiri ikayamba kukana m'mawa wa mwezi wa June, musanaganize zomasula bokosi, funsani kaye chimene chinathiridwamo. Mukaona tonyezimira ngati golide mu oyilo wokhetsedwa, dziwani kuti ndi synchro zikutha.

Otomatiki anthu ambiri amaiopabe, makamaka amene anakulira pa manyuwo, ndipo amati siyenera ntchito yolemera. Ine sindigwirizana nawo kwathunthu. Pakati pa injini ndi magiya a otomatiki pali torque converter, chinthu chonga mbiya yotsekedwa mmene chopukusa china chimaponya oyilo pa chinzake n'kuchizungulitsa. Popeza mphamvu imadutsa mu oyilo, kumenya kwa injini kumafewa, palibe kilachi yoti dalaivala aiwotche, ndipo kompyuta siilola galimoto kukwera chitunda pa giya yolakwika monga ankachitira amalume. Pa vaneti imene imayendetsedwa ndi madalaivala osiyanasiyana, otomatiki yosamalidwa imatha kukhalitsa kuposa manyuwo. Magiyabokosi monga a Aisin a magiya asanu ndi imodzi a mu Hilux ndi D-Max, kapena 6R80 ya mu Ranger, anapangidwa poganizira katundu ndi ngolo.

Mdani wa otomatiki ndi kutentha. Nthawi iliyonse imene torque converter ikuterera, mphamvu yotayikayo imasanduka kutentha mu oyilo wa otomatiki wotchedwa ATF. Pamsewu woongoka kakilachi ka m'kati kamaimanga kuti isaterere, koma pachitunda, mumchenga, m'matope ndi mumpanipani wa mumzinda imaterera kwa nthawi yaitali. ATF amagwira bwino ntchito cha pa madigiri 80 mpaka 95, ndipo akakhalitsa pamwamba pa 120 amayamba kuwonongeka msanga: amada, amanunkha, mbale za m'kati zimayamba kuterera, ndipo fumbi lake limatseka timabowo ta valve body, chigawo chimene chimawongolera oyilo wosinthira magiya. Ganizirani vaneti yodzaza feteleza ikukwera kuchokera pa mlatho wa Luangwa masana a mwezi wa October, pamene chigwacho chimatentha kufika cha pa madigiri 40. Apo m'pofunika kusankha giya ndi dzanja n'kuigwira pa yachitatu kapena yachinayi kuti isamasinthesinthe, ndipo amene amayenda njira yotere kawirikawiri angachite bwino kuikitsa chozizirira ATF chowonjezera kutsogolo kwa radiyeta. Pa magalimoto ambiri paipi ya ATF imadutsa m'kati mwa radiyeta, ndipo radiyeta yokalamba ikaboola m'kati, madzi amasakanikirana ndi ATF n'kupanga phala lotuwa lofiirira limene limapha giyabokosi m'masiku ochepa.

Otomatiki zatsopano zambiri zilibe ndodo yoyezera oyilo, ndipo zimenezi zachititsa ena kukhulupirira kuti ATF sasinthidwa mpaka kalekale. Mabuku a opanga omwewo amapereka nthawi yosinthira pa galimoto imene imakoka ngolo kapena kugwira ntchito yolemera, ndipo vaneti ya malonda ya ku Lusaka ili m'gulu limenelo. Mulingo wake umayezedwa pa kutentha kwakutikwakuti kudzera pa kabawuti kosefukira, ntchito imene imafuna makina oyezera. Mitundu ya ATF nayo siisakanizidwa: WS ya Toyota, Mercon LV ya 6R80 ndi Mercon ULV ya 10R80 ya magiya khumi ndi zinthu zosiyana, ndipo Dexron III wa m'botolo lotchipa salowa m'malo mwa iliyonse. Chenjezo lina limene ndimalakalaka aliyense atalidziwa n'lakuti otomatiki ikafa panjira siikokedwa ndi chingwe mtunda wautali matayala ali pansi, chifukwa pampu yake imayenda ndi injini, ndipo injini ikazima m'kati mumazungulira mouma. Ikwezeni pa lole kapena masulani propshaft, shafuti yochokera ku giyabokosi kupita ku difu.

Pa vaneti za 4x4 pali cholakwa chimodzi chofala. Zambiri mwa izo, zikaikidwa pa 4H kapena 4L kuti matayala onse anayi azikoka, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amamangidwa kuti azizungulira mofanana. Pakona akutsogolo amayenda mtunda wautalipo, ndipo pafumbi kapena pamatope tayala limodzi limaterera pang'ono n'kumasula kukokanako. Paphula palibe poterera, choncho shafuti zimapotana mpaka tcheni cha transfer case chitatambasuka kapena china chitathyoka. Mukatuluka m'njira ya kumunda n'kufika paphula, bwererani pa 2H, pamene amakoka ndi akumbuyo okha.

Madzi nawo amapha mwakachetechete. Dzinja lililonse misewu ya ku Kanyama ndi mbali zina za Chawama imasanduka madambo, ndipo eni vaneti amanyadira kuti iwo amadutsa pamene tigalimoto tating'ono taima. Giyabokosi, difu ndi transfer case zili ndi timabowo topumira pamwamba pake. Chitsulo chotentha chikamira m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umanyala n'kukoka madzi kudzera pa kabowoko kapena pa masilo otopa. Galimoto imayenda bwinobwino kwa milungu ingapo, koma oyilo wasanduka wotuwa ngati tiyi wamkaka ndipo maberingi ayamba dzimbiri. Kumasula bawuti n'kuyang'ana mtundu wa oyilo mvula ikatha ndi ntchito ya mphindi zochepa.

Tibwerere ku injini, chifukwa amene amakonda zakale ali ndi mfundo yolimba pa nkhani ya dizilo. Pampu ndi mainjekita a common rail zili ndi mipata yaing'ono kwambiri kuposa kunenepa kwa tsitsi, ndipo dizilo yemweyo ndi amene amazitelezetsa. Kadothi, madzi pang'ono, kapena parafini wosakanizidwa ndi ogulitsa m'zigubu m'mbali mwa msewu ndi zokwanira kuzikanda. Injekita yowonongeka ikayamba kudontha m'malo mopopera nkhungu, imatha kutenthetsa pisitoni mpaka kung'ambika. Pampu yakale imapirira zambiri, ndipo ikadwala imayamba yadandaula kwa miyezi isanagone. Komabe dizilo wa m'dziko muno wasintha. Paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710 kuchokera ku Dar es Salaam kufika ku Ndola, imene kwa zaka zambiri inkabweretsa mafuta okayengedwa ku fakitale ya Indeni, kuyambira mu 2023 imanyamula dizilo woyengeka kale wa sulphur wochepa. Kwa amene amathira pa malo odalirika, amasintha fyuluta pa nthawi yake ndi kukhetsa madzi nyali ikayaka, common rail si yoopsanso monga inalili zaka khumi ndi zisanu zapitazo.

Vuto lotsala lili pa vaneti zogulidwa kale ku Britain kapena ku Japan, zolowera ku Nakonde kapena ku Kazungula. Zambiri zimabwera ndi DPF, sefa ya mwaye ya m'paipi ya utsi, imene inapangidwira mayiko a dizilo wa sulphur wochepetsetsa, monga Ulaya kumene malire ndi 10 ppm (magawo 10 pa miliyoni) kuyambira mu 2009. Sefayi imadziyeretsa pootcha mwayewo galimoto ikathamanga kwa nthawi ndithu. Imene ntchito yake ndi kuchoka ku Chelstone kupita m'tauni n'kubwerera sipeza mpata umenewo, choncho sefa imatsekeka, mphamvu zimachepa, ndipo pa injini zina dizilo wopoperedwa kuti aotche mwaye amatsikira mu oyilo wa injini n'kumusungunula. Vaneti zopangidwira msika wa kuno, monga Hilux ya ku Durban, Ranger ya ku Silverton ku Pretoria ndi D-Max ya ku Gqeberha, nthawi zambiri zimagwirizana bwino ndi mafuta athu, ndipo masipeya ake sasowa m'mashopu a Lusaka.

Palinso mkangano wa chimene chimazungulitsa camshaft, shafuti imene imatsegula ndi kutseka mavalavu. TD27 ndi 4JA1 zimagwiritsa ntchito magiya achitsulo, amene safuna kusinthidwa. 5L, 1HZ ndi D-4D ya KD zili ndi lamba, amene amasinthidwa pakati pa makilomita 100,000 ndi 150,000 malinga ndi injini, ndipo akaduka mavalavu amagundana ndi mapisitoni. Injini za GD zinasamukira ku tcheni, chimene chimakhalitsa ngati oyilo ali waukhondo. Ranger ya malita 2.0 ya bi-turbo inatuluka ndi lamba woyenda m'kati mwa oyilo, amene salola oyilo wina kupatula wolembedwa m'buku. Ndimakonda magiya achitsulo, koma lamba wosinthidwa pa nthawi yake sanapwetekepo munthu.

Wina akandifunsa chimene ndingagule, ndimayamba ndamufunsa kumene galimotoyo idzagone ikafa. Ya chipatala cha mishoni, ya mlimi wa ku Lundazi kapena ya ntchito za m'chigwa cha Luangwa, kumene makina oyezera kompyuta ali kutali ndipo dizilo amasungidwa m'madiramu, ndingasankhe injini yakale ya pampu yopanda kompyuta ndi giyabokosi ya manyuwo, ndi kuvomereza kuti idzakwawa pazitunda. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo sipeya imene makanika wa pa boma angaipeze lero imaposa injini yamphamvu yodikira katundu wochokera ku Johannesburg. Koma ya munthu wokhala ku Lusaka amene amayenda paphula kupita ku Chipata, ku Copperbelt kapena ku Livingstone, amathira dizilo wabwino ndipo amatsatira buku, ndingasankhe common rail, ndipo ngati idzayendetsedwa ndi antchito osinthanasinthana ndingasankhe otomatiki. Imene sindingalangize aliyense ndi common rail yamphamvu ya manyuwo m'manja mwa munthu amene akufuna kuigwiritsa ntchito ya lole ya matani awiri. Woteroyo agule Canter kapena Dyna.

Pogula yogwiritsidwapo kale ntchito, penti yowala isakunyengeni, pajatu chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa synchro yotopa ndi otomatiki yochedwa kugwira zimaonekera galimoto ikadali yozizira. Pa manyuwo, ikani giya yachinayi pa liwiro lotsika n'kupondereza moto kuti muone ngati kilachi ikuterera, kenaka pa giya yachisanu pondani ndi kusiya moto kangapo dzanja lili pafupi ndi ndodo kuti mumve ngati ikufuna kudumpha. Pa otomatiki, werengani masekondi amene amadutsa kuchokera pa P kupita pa R ndi pa D, ndipo iyendetseni mpaka itatentha ndithu, chifukwa mavuto ena amabisala mphindi makumi awiri zoyambirira. Yang'anani pansi ngati masipuling'i akumbuyo anawonjezeredwa zitsulo, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha galimoto imene inkasenza kupyola muyeso. Ndipo ngati mwini wake alola, pemphani makanika wanu amasule bawuti ya maginito ija.

Ya amalume inafunika giya yachisanu yatsopano, maberingi onse, synchro ziwiri ndi kilachi, ndipo inakhala pansi pa mango milungu iwiri pakati pa nyengo yogula chimanga. Masiku ano amakweza matumba 22, otsalawo amawatumiza pa lole ya mnzawo, ndipo pa Manenekela amakwera ndi giya yachitatu. Titabwerera ku Garden patapita chaka kukasintha oyilo, mdala uja anatulutsanso bawutiyo n'kuipukuta ndi chala, ndipo panali kaphala kotuwa pang'ono chabe, kosalala, kopanda kamchenga ngakhale kamodzi.